Vinyo wa kumapiri amene anatifika atapsa: lipoti la mabotolo 120 ku Mzuzu

Ndimagwira ntchito yoyang'anira zakumwa pamalo ena ogona alendo mumzinda wa Mzuzu, ndipo lipoti ili ndalilemba pofuna kufotokoza zimene zinachitikira mabotolo 120 a vinyo wofiira amene tinaitanitsa kumapeto kwa chaka cha 2023, zimene tinapeza titafufuza, ndiponso zimene tinasintha m'miyezi yotsatira. Ndikulembera makamaka anzanga amene amasunga ndi kugulitsa vinyo m'mahotela ndi m'malesitilanti a kuno kumpoto, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri a ife tinanyengedwa ndi chinthu chimodzi, ndicho mbiri yakuti Mzuzu ndi mzinda wozizira, moti tinkaganiza kuti kutentha ndi vuto la anzathu a ku Karonga, ku Salima ndi ku Nsanje basi.

Vinyo amene tinaitanitsa

Vinyoyu anachokera kwa banja lina limene limalima mphesa ndi kupanga vinyo wochepa kumapiri a Cederberg ku South Africa, pafupifupi makilomita 250 kumpoto kwa Cape Town, dera lomwenso limadziwika ndi tiyi wa rooibos amene timamuona m'masitolo. Minda ya mphesa kumeneko ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nthawi yozizira nsonga za mapiriwo zimachita kuyera ndi chipale. Tinatenga makatoni 20 a mabotolo asanu ndi limodzi iliyonse: mabotolo 72 a mtundu wa Shiraz ndi 48 a Cabernet Sauvignon. Botolo lililonse linali ndi chidindo cha Wine of Origin pakhosi pake, chimene dziko la South Africa linayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1973 potsimikizira kuti vinyo wachokeradi kudera limene lalembedwa, ndiponso kuti mtundu wa mphesa ndi chaka chimene zinakololedwa n'zoona.

Kuti munthu amvetse kukula kwa zimene tinataya, ayenera kudziwa kaye chimene wogula amalipira akamagula vinyo wa kumapiri, pakuti mtengo wake umaposa kawiri kapena katatu vinyo wamba wa m'zigwa. Munthu akamakwera phiri, mpweya umazizira ndi digiri yoposa pang'ono theka pa mamita 100 alionse, zimene aliyense amene anakwerapo kuchoka ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu anazimva pakhungu lake. Masana dzuwa la kumapiri limaomba mwamphamvu, ndipo mpesa umapanga shuga monga umachitira kwina kulikonse, koma pofuna kuteteza njere zake ku cheza choopsa cha dzuwalo, mphesa imakhwimitsa khungu lake. M'khungu limenelo ndi mmene muli mtundu wofiira, fungo, ndiponso tannin, chinthu chimene chimaumitsa m'kamwa monga imachitira nthochi yosapsa kapena tiyi wa masamba ambiri wopanda mkaka. Madzi a mkati mwa mphesa zambiri zofiira ndi oyera ndithu, ndipo vinyo amafiira chifukwa chakuti amawira limodzi ndi makoko ake kwa sabata imodzi mpaka zitatu. Usiku kukazizira, mpesa umapuma, ndipo asidi amene ali m'chipatso satha msanga monga amathera kumalo kumene usiku umakhala wofunda. Choncho mphesa za kumapiri zimapsa pang'onopang'ono, zimakololedwa mochedwerapo, ndipo zimafika pokhwima zili ndi shuga wokwanira koma zisanataye kuwawasa kumene kumachititsa vinyo kukhala wamoyo m'kamwa. Pambuyo pake vinyoyo amagona m'migolo ya matabwa a oak ya malita 225, mgolo umodzi n'kutulutsa mabotolo 300 okha, kwa chaka chathunthu kapena kupitirira apo. Ndikanena mwachidule, chimene timagula ndi kuzizira kwa usiku wa kuphiri kumene mlimi wakusunga m'botolo.

Ife a ku Mzuzu sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa khofi wathu wa arabica wa ku Misuku, ku Phoka ndi kumapiri a Viphya amatamandidwa pa chifukwa chomwecho: chipatso chimene chapsa mosafulumira pamalo okwera chimakhala ndi kukoma kumene cha kuchigwa sichikhala nako.

Katundu atafika

Ogulitsawo anapereka makatoni athu kwa onyamula katundu chakumapeto kwa Okutobala, ndipo thiraki inadutsa njira imene katundu wambiri wa ku South Africa amadutsa, ya ku Johannesburg, Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, kenako n'kulowa m'dziko muno pa Dedza. Ulendo umene tinauzidwa kuti utenga masiku khumi unatenga masiku 23, ndipo mwa masiku amenewo, angapo thiraki inangoima padzuwa m'mizere ya pazipata za m'malire. Aliyense amene anadutsapo ku Tete m'mwezi wa Okutobala kapena Novembala akudziwa kuti kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mkati mwa kontena yachitsulo yotsekedwa mumatentha koposa panja. Kuchokera ku Lilongwe makatoniwo anabwera pa galimoto yaing'ono yopanda denga, atafunditsidwa tenti yakuda, kudzera ku Kasungu, Jenda ndi Chikangawa. Anatifika mkati mwa Novembala, patangopita masiku ochepa kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti, zimene zinatanthauza kuti botolo lililonse lowonongeka sitikanathanso kuligula pamtengo umene tinaligulira.

Tsiku limene katundu anafika ndinawerenga makatoni, ndinaona kuti palibe botolo losweka, ndinasaina, ndipo ndinauza anyamata kuti awalowetse m'chipinda chosungiramo zakumwa. Sindinatsegule katoni iliyonse kuti ndiyang'ane pakamwa pa mabotolo, ndipo uku kunali kulakwa kwanga koyamba.

Vuto linaonekera patatha sabata ziwiri. Mlendo wina wachikulire, amene ntchito yake ndi yolawa ndi kugula khofi ndipo amafikira kwathu akamapita ku Chitipa, anaitanitsa botolo la Shiraz pa chakudya chamadzulo. Atanunkhiza ndi kulawa kamodzi, anaika tambula pansi n'kupempha woperekera zakudya kuti andiitane. Anandilankhula mwaulemu kwambiri. "Achimwene, vinyoyu ndimamudziwa, ndinamumwapo kwawo komweko. Uyu wapsa. Tanunkhizani nokha, akumveka ngati jamu wophikidwa, pamene amayenera kumveka ngati chipatso chongothyola kumene." Ndinayankha kuti, "Pepani bambo, ndiloleni ndikubweretsereni botolo lina." Lachiwirilo linali labwinoko, koma iwo anapukusabe mutu n'kunena kuti nalonso latopa. Sitinawalipiritse, ndipo usiku womwewo ndinaletsa kugulitsa vinyo yense wa m'gulu limenelo mpaka titafufuza.

Kufufuza kwake

M'mawa mwake ine ndi wothandizira wanga tinatulutsa mabotolo 109 amene anali atatsala, pakuti 11 anali atagulitsidwa kale kapena kutsegulidwa, ndipo tinawayang'ana limodzilimodzi pawindo. Tinkayang'ana zinthu zinayi: ngati chotsekera cha cork, chopangidwa ndi khungwa la mtengo, chatukuka kupitirira mlomo wa botolo, ngati pansi pa chikutiro cha pakhosi pali kunyata, ngati vinyo watsika m'khosi kuyerekeza ndi mabotolo anzake, komanso ngati pepala la pabotolo kapena katoni ili ndi madontho ofiira. Mabotolo 17 anali atadontha moonekeratu, ndipo ambiri mwa amenewa anachokera m'makatoni anayi amene ankaoneka kuti anali pamwamba kapena m'mphepete mwa katundu, chifukwa makatoniwo anali ouma mochita kuthetheka. Mabotolo 31 anali ndi chotsekera chotukuka pang'ono koma osadontha. Otsalawo, 61, kunja kwake kunalibe chilema chilichonse.

Chimene chimachitika n'chosavuta kumvetsa. Vinyo akatenthedwa amafufuma monga madzi alionse, ndipo popeza mpata wa mpweya umene uli pakati pa vinyo ndi chotsekera ndi wochepa kwambiri, mphamvuyo imakankha chotsekeracho kapena imatulutsa vinyo m'mbali mwake. Usiku kukazizira vinyo amabwerera, ndipo botolo limakoka mpweya wa kunja kulowa mkati. Zikachitika tsiku ndi tsiku kwa sabata zitatu, botolo limakhala ngati likupuma, ndipo mpweya umene walowawo umasandutsa mtundu wofiirira wowala kukhala wonga njerwa, fungo la zipatso n'kuzilala. Kuwonjezera apo, kutentha pakokha kumafulumizitsa kukalamba kwa vinyo ngakhale mpweya usalowe, moti vinyo amene mlimi anamukonza kuti akhwime m'zaka zisanu kapena khumi akhoza kutha mphamvu m'masabata owerengeka. Pachifukwa chimenechi mabotolo 61 ooneka bwinowo sindinawakhulupirire, pokumbukira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tinali ndi mwayi umodzi. Mwini malo athu, paulendo wawo wa ku Cape Town m'mwezi wa Julayi chaka chomwecho, anabweretsa pa ndege mabotolo awiri a Shiraz yemweyo, wa mphesa zokololedwa chaka chimodzi ndi za wathu uja, amene ndi amene anatichititsa kuti tiitanitse, ndipo limodzi linali lidakali kunyumba kwawo m'kabati ya m'chipinda chamkati. Ndinawapempha kuti, "Abwana, botolo lija tilitsegule, chifukwa popanda loyerekezera tizingotsutsana." Anavomera. Tinathira vinyo wa mabotolo anayi m'matambula ofanana, lodontha, lotukuka, looneka bwino ndi la pa ndege lija, ndipo wothandizira wanga anasokoneza matambulawo kuti olawa asadziwe kuti iyi ndi iti. Tinalawa anthu anayi, kuphatikizapo wophika wamkulu. Tonse tinazindikira la pa ndege mosavuta, chifukwa linali ndi mtundu wakuda wopita ku pepo, fungo la zipatso zakuda ndi tsabola wakuda wongosinja kumene, ndipo munthu akameza, kukoma kwake kunkakhalabe m'kamwa nthawi yaitali. Lodontha linali lofiirira ngati dothi la katondo m'mphepete mwa tambula, linkanunkha zipatso zouma ndi shuga wopserera, ndipo mowa wake unkaotcha pakhosi. Lotukuka linali pakati. Chimene chinandipweteka mtima kwambiri chinali looneka bwino lija: linali lomweka ndithu, munthu wosamudziwa vinyoyu sakanadandaula, koma kuwawasa kotsitsimula kuja kumene tinalipirira ndalama zambiri kunali kutachepa, ndipo linkafanana ndi vinyo wamba wa theka la mtengo wake.

Botolo limodzi mwa amene tinatsegula masiku otsatira linali ndi vuto lina losakhudzana ndi kutentha, fungo la katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu, limene limachokera ku mankhwala otchedwa TCA amene nthawi zina amapezeka m'chotsekera cha cork. Ndalitchula kuti anzanga asasokoneze zilema ziwirizi: botolo lotere limabadwa nalo vutolo ndipo likhoza kupezeka m'katoni ya wopanga aliyense, pamene kupsa ndi mlandu wa njira ndi kasungidwe.

Zikanakhala zophweka kuloza chala onyamula katundu n'kusiyira pomwepo, koma ndinafuna kudziwa ngati ifenso tinawonjezera vutolo. Ndinagula choyezera kutentha chimene chimasunga nambala yapamwamba ndi yotsikitsitsa ya tsiku, ndipo ndinachiika pakati pa makatoni m'chipinda chathu chosungiramo zakumwa kwa masiku khumi. Chipindacho chili ndi denga la malata lopanda siling'i, khoma lake limodzi limayang'ana kumadzulo, ndipo mkati mwake munali mafiriji awiri a zakumwa zoziziritsa kukhosi amene amatulutsa mpweya wotentha kumbuyo kwake. Masana, cha m'ma 3 koloko, choyezeracho chinkafika madigiri 31, ndipo m'bandakucha chinkatsika kufika 17. Vinyo amafuna malo a madigiri 12 mpaka 15, amdima, ndipo koposa zonse osasinthasintha. Zinaonekeratu kuti ntchito imene dzuwa la ku Tete linayamba, denga lathu linkaipitiriza tsiku lililonse. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, kuposa ngakhale minda imene mphesazo zinalimidwa, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi timafunda mabulangete awiri, koma m'Okutobala ndi Novembala pansi pa malata athu pamatentha mokwanira kuwononga vinyo.

Ndinayezanso vinyo pa nthawi yoperekera. Mabotolo ogulitsa tinkawaimika pa shelefu ya kuseri kwa kauntala, pansi pa mababu, pafupi ndi khomo la kukhitchini, ndipo vinyo ankafika patebulo ali pa madigiri 26 kapena 27. Tonse tinaphunzitsidwa kuti vinyo wofiira salowa m'firiji, amamwedwa monga chilili chipinda, koma langizo limenelo linachokera ku nyumba zamiyala za ku Ulaya zimene mkati mwake munkakhala madigiri 16 mpaka 18. Vinyo wa mphamvu ya 14 peresenti akaperekedwa wofunda, choyamba kufika m'mphuno ndi mowa, ndipo fungo la chipatso limabisika. N'kutheka kuti ena mwa alendo amene anamwa mabotolo 11 oyamba aja anapita osakhutira koma osanena kanthu, monga mwa ulemu wathu, ndipo sanaitanitsenso.

Zimene tinachita

Mabotolo 17 odontha tinawachotsa pamndandanda wa zogulitsa n'kuwapereka kukhitchini, kumene wophika anawagwiritsa ntchito pophika nyama ya ng'ombe yofuna kuwira nthawi yaitali. Otukuka aja tinkatsegula limodzilimodzi, ine n'kulawa, ndipo lomweka tinkaligulitsa pa tambula pamtengo wotsika, titamuuza mlendo poyera kuti vinyoyu anatenthedwa panjira. Panali kukambirana kwakukulu pa mfundo imeneyi, chifukwa ena ankaona kuti kuulula n'kudzichotsera malonda. Ine ndinaumirira, pakuti dzina limene lili pabotolo ndi la banja limene linagwira ntchito yake mokhulupirika, ndipo kugulitsa vinyo wopsa mwakachetechete n'kunamizira anthu osalakwa kuti ndiwo amapanga chinthu chotere. Ogulitsawo titawalembera ndi kuwatumizira zithunzi, anatichotserako mtengo pa katundu wotsatira ngakhale kuti vuto silinali lawo, ndipo ndiwo anatilangiza kuti tisadzaitanitsenso m'nyengo yotentha.

Za kasungidwe, tinalibe ndalama zokumbira chipinda chapansi, ndipo firiji yapadera ya vinyo imene tinagula imalowa mabotolo 40 okha. Tinapeza kachipinda kena pakati pa nyumba, kamene kankasungiramo mapepala akale, kopanda windo, kokhala ndi siling'i, makoma ake onse a njerwa ndipo palibe limene limaombedwa ndi dzuwa. Choyezera chinasonyeza kuti m'kachipindako kutentha kunkayenda pakati pa madigiri 19 ndi 21 ngakhale m'Disembala, ndipo m'Julayi kunkatsika kufika 15. Si malo angwiro, koma kusasinthasintha kwake ndi kumene kunandikopa, popeza vinyo amapirira madigiri 20 okhazikika kuposa kukwera ndi kutsika kwa tsiku ndi tsiku. Kalipentala anatikhomera mashelefu apansipansi, pafupi ndi simenti, ndipo mabotolo onse tinawagoneka chammbali kuti vinyo azinyowetsa chotsekera chisaume. Firiji ya vinyo tinaiika pa madigiri 14 ndipo timasungamo mabotolo a sabata imeneyo ndi ena ochepa odula kwambiri. Popeza magetsi amazimazima, tinailumikiza ku mabatire a sola, ndipo mipata yotsala timaidzaza ndi mabotolo a madzi, amene amasunga kuzizira kwa maola angapo ngati chitseko sichikutsegulidwa. Pa shelefu ya kuseri kwa kauntala pamakhala mabotolo opanda kanthu oonetsera chabe.

Patebulo

Mbali imene inatenga nthawi yaitali inali yophunzitsa operekera zakudya, ndipo ndi imene ndimaiona kuti inabweretsa phindu lalikulu. Mwa anyamata ndi atsikana asanu ndi atatu amene ndimagwira nawo ntchito, asanu samwa mowa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo sindinafune kukakamiza aliyense. Tinagwirizana kuti aphunzire ndi maso ndi mphuno, pakuti zilema zambiri za vinyo zimadziwika munthu asanalawe. Ndinasunga botolo limodzi lodontha ndi lija la fungo la katoni yonyowa kuti azinunkhiza moyerekeza ndi labwino, ndipo patapita masabata atatu, mtsikana wina amene sanalawepo vinyo chibadwire ndi amene ankazindikira botolo lopsa mwachangu kuposa tonse. Tsiku lina anabwera nalo botolo kwa ine asanalipereke n'kunena kuti, "Abwana, ili likununkha ngati mbatata yootcha yopserera, ndisalipititse." Anali atalondola.

Tsopano botolo likaitanitsidwa limachokera m'firiji ya madigiri 14, ndipo pamene likutsegulidwa ndi kuthiridwa limakhala litafika pa 16 kapena 17. Likachokera m'kachipinda kaja timaliika m'ndowa ya madzi ozizira kwa mphindi 10 mpaka 15. Cabernet Sauvignon wa kumapiri akakhala wamng'ono amakhala ndi tannin wambiri chifukwa cha khungu lokhwima lija, choncho timamuthira m'jagi yagalasi kwa theka la ola kapena ola lathunthu kuti apume ndi kufewa. Tambula timaithira malo osafika theka, mamililita 150, kutanthauza matambula asanu pa botolo la mamililita 750, kuti mlendo athe kuzunguza vinyo ndi kumva fungo. Botolo lotsegulidwa timalitseka n'kuliika m'firiji, timalemba tsiku, ndipo likadutsa masiku atatu limapita kukhitchini. Alendo ena poyamba ankadabwa kulandira vinyo wofiira wozizirira, ndipo bambo wina anandifunsa ngati sitikudziwa kuti wofiira salowa m'firiji. Ndinawathirira matambula awiri a botolo limodzi, ina yofunda ina yozizirira, ndipo anasankha okha yachiwiriyo.

Pa zakudya ndinaphunzira kuti sitiyenera kudikira zakudya zachilendo kuti tigulitse vinyo wotere. Shiraz amayenda bwino kwambiri ndi nyama ya mbuzi yootcha pamakala, chifukwa mafuta ndi utsi zimafewetsa kuuma kwa m'kamwa kuja, ndipo fungo lake la tsabola limakumana ndi la nyamayo. Cabernet Sauvignon tinamuona kuti amakoma ndi nyama ya ng'ombe yophika ndi bowa wa m'nyengo ya mvula, pambali pali mpunga wa kilombero wa ku Karonga. Ndi nsomba monga chambo kapena batala sindimulangiza mlendo kutenga vinyo ameneyu, pakuti vinyo wofiira wotere akakumana ndi mafuta a nsomba amasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa, ndipo tsabola wa kambuzi akachuluka amachititsa mowa kuotcha kwambiri.

Alendo angapo, atamva kuti Mzuzu ndi wokwera kuposa minda ya ku Cederberg, anandifunsa chifukwa chimene sitilimira mphesa zathu kuno. Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake likusonyeza kuti kukwera kwa malo pakokha sikukwanira. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, pamene mpesa wayoyola masamba ndipo uli m'tulo, ndipo mphesa zimapsa m'chilimwe chouma, n'kukololedwa kuyambira Febuluwale mpaka Epulo. Kwathu kuno miyezi imeneyo ndiyo ya mvula yambiri ndi nkhungu, ndipo mphesa yonyowa imagwidwa ndi matenda a chuku, imasweka ndi kuwola isanakhwime. Malo ena okwera amene amatchuka ndi vinyo wofiira, monga Mendoza ndi Salta ku Argentina, kumene minda ina ili pamwamba pa mamita 2,000 ndipo mphesa ya Malbec inafikako kuchokera ku France m'zaka za m'ma 1850, ndi ouma ngati chipululu ndipo amathirira ndi madzi ochokera kumapiri a Andes. Ngakhale kwa anansi athu ku Tanzania, mphesa zimalimidwa ku Dodoma, dera lokwera koma louma. Chinyezi chimene chimakometsa khofi wathu ndi chomwecho chimene chingavutitse mpesa.

Katundu wachiwiri

Tinaitanitsanso m'chaka cha 2024, koma ulendo uno mabotolo 60 okha, chiwerengero chimene tinadziwa kuti tikhoza kuchisunga bwino ndi kuchigulitsa nyengo yotentha isanafike pachimake. Katundu ananyamuka kumayambiriro kwa Juni, pamene ku Cape kuli chisanu ndipo ngakhale ku Tete kutentha kumakhala kutatsika. Tinapempha kuti makatoni athu aikidwe pansi ndi pakati pa katundu wina, osati pafupi ndi denga kapena zitseko za kontena, ndipo ogulitsawo anaika m'katoni imodzi kachipangizo kolemba kutentha kwa ulendo wonse. Kuchokera ku Lilongwe ndinakatenga ndekha pa galimoto yotseka, ndipo tinanyamuka m'mamawa. Kachipangizoko kanasonyeza kuti paulendo wonse wa masiku 16 kutentha sikunapitirire madigiri 24. Tsiku lomwelo ndinatsegula katoni iliyonse ndisanasaine, ndinayendetsa chala pamlomo pa botolo lililonse, ndipo panalibe lotukuka ngakhale limodzi.

Mlendo wa khofi uja anabweranso m'mwezi wa Ogasiti akuchokera ku Misuku. Ndinamuthirira Shiraz wa katundu watsopanoyo osanena kanthu, ndipo atanunkhiza anangoti, "Eya, achimwene, uyu ndiye yemwe uja." Mabotolo 54 anatha pofika pakati pa Novembala, ndipo palibe limene linabwezedwa.

Chimene sichinathe ndi nkhani ya miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene alendo amachuluka chifukwa cha maukwati ndi zikondwerero, koma ndi nthawi imene sitingaitanitse katundu pamsewu popanda kumuika pachiswe. Kubweretsa pa ndege kumakweza mtengo kufika poti ndi ochepa angakwanitse, ndipo thiraki yokhala ndi firiji siingatheke pa makatoni khumi okha. Ndayamba kukambirana ndi anzanga a malo ena awiri a mumzinda muno ndi amodzi a kunyanja kuti chaka chamawa tiitanitse pamodzi m'mwezi wa Juni katundu wokwanira chaka chonse, ndipo tigawane mtengo wokonza chipinda chimodzi chozizira bwino chosungiramo. Mabotolo asanu ndi limodzi a Cabernet Sauvignon amene anatsala ndawagoneka pa shelefu yapansi m'kachipinda kaja, ndalembapo kuti asagulitsidwe, ndipo ndizitsegula limodzi m'Julayi uliwonse n'kulemba mtundu, fungo ndi kakomedwe kake, kuti tidziwe zaka zimene vinyo wa kumapiri angapirire pa madigiri 20 a ku Mzuzu.